Alijebura Ayambire pa Mulu wa Tomato

Chaka chiri chonse sukulu zikatsegulidwa, anyamata ndi atsikana a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri ndi madera ena a mzinda wa Blantyre amalowa mu Fomu 1 ndi makope atsopano ndiponso mitima yodzikhulupirira. Ambiri mwa iwo masamu a ku pulaimale ankawakhoza ndithu. Koma pakapita masabata owerengeka, tsiku lija mphunzitsi ayamba kulemba zilembo pakati pa manambala, ana omwewo amagwa mphwayi, ndipo pofika kumapeto kwa chaka ena amakhala atagamula kale mumtima kuti masamu si awo. Chigamulo chimenechi amachipanga mwana wa zaka 14, iye yekha, popanda womufunsa. Komatu chimamutsata mpaka pa mayeso a MSCE, nichimutsekera makomo amene iye sadawaone nkomwe.

M'danga lino lero tifuna kunena ndi anzathu ogwira choko, makamaka amene apatsidwa Fomu 1. Maganizo athu ndi akuti cholakwika chachikulu chiri pa mayambidwe. Alijebura timamuyamba ndi malamulo osuntha zizindikiro, m'chiyankhulo chimene mwana sanachizolowere, tisanamuonetse chimene zizindikirozo zikunena. Mwana amaloweza, pakuti ana athu kuloweza amakutha. Koma choloweza chopanda tanthauzo chimasungunuka ngati mchere m'madzi funso likangotembenuzidwa pang'ono.

Wina angafunse kuti, nanga phokoso lonseli pa kachigawo kamodzi ka silabasi nlachiyani? Yankho liri pafupi, m'mbali mwa mseu wa Masauko Chipembere. Pamenepo pali sukulu yaukachenjede imene tinkaitcha Polytechnic, yomwe mu 2021 idasanduka yunivesite yoima payokha ya MUBAS. Pafupi pomwepo, kufupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, pali yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Mwana wofuna uinjiniya, ntchito yowerengera ndalama kapena udokotala safika kumeneko ndi masamu okhoza mwamwayi. Tsono masamu a Fomu 3 ndi Fomu 4, kaya ndi magirafu kaya ndi ena onse, atsamira pa alijebura wa Fomu 1, ndipo fizikisi ndi kemisitiri nazo zatsamira pomwepo. Ngakhale wophunzira zamagetsi ku Soche Technical College sangathawe: tsiku liri lonse amatembenuza V = IR kuti apeze chimene sakuchidziwa. Mwana akataya njira m'chaka choyamba amakhala zaka zinai m'kalasi ngati mlendo wosamva chiyankhulo cha eni mudzi.

Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa mbiri ya phunziroli iri ndi malangizo kwa mphunzitsi. Dzina loti alijebura lidachokera m'buku limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi adalemba ku Baghdad cha m'ma 820. Mau a Chiarabu akuti al-jabr amatanthauza kubwezeretsa, kapena kulumikiza chothyoka. Nchifukwa chake kale ku Spain munthu wolumikiza mafupa othyoka ankatchedwa algebrista. Chodabwitsa kwa ife lero nchakuti m'buku lonselo mulibe x ngakhale mmodzi. Zonse adazilemba m'mau, ndipo nambala yosadziwika ankangoitcha "chinthu". Mafunso ake ambiri anali a malonda, a kuyeza minda ndi a kugawa chuma cha masiye, nkhani zomwezo zimene zimakhalitsa anthu pansi m'midzi mwathu. Chizindikiro cha kulingana, timizere tiwiri tija, adachiyambitsa Robert Recorde wa ku Wales mu 1557, ndipo chizolowezi cholemba x, y ndi z m'malo mwa nambala zosadziwika chidafala ndi buku la René Descartes la mu 1637. Ndiye kuti anthu ophunzira adatha zaka ngati 800 akuchita alijebura ndi mau asanafike pa zizindikiro zimene tiri nazo lero. Ife ulendo womwewo timafuna kuti mwana wa ku Chirimba auyende m'mphindi 40, Lolemba m'mawa, asanadye kanthu.

Kale kwambiri al-Khwarizmi asanabadwe, cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, mlembi wa ku Egypt dzina lake Ahmes adakopera mafunso a masamu pa gumbwa amene tsopano amasungidwa ku British Museum mu London. Pamenepo nambala yosadziwika ikutchedwa ndi mau amene akatswiri ambiri amawamasulira kuti "mulu". Mmalawi ali yense akamva zimenezi ayenera kumwetulira, pakuti mulu timaudziwa. Pitani mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande: tomato ndi wa pamulu, usipa wa pamulu, mbatata ndi makala chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti mai wagula milu 3 ya tomato, napatsa mnyamata womunyamulira K500, ndipo zonse pamodzi zamuthera K3,500. Funsani kalasi kuti mulu umodzi unali ndalama zingati. Musanatsirize kufunsa manja ali m'mwamba: K1,000. Funsaninso kuti adziwa bwanji. Adzati, "Tachotsa ya wonyamula, yatsala K3,000, ndiye tagawa patatu." Mwanayo wamasula 3x + 500 = 3,500, ndipo watsata njira yeniyeni ya m'buku, koma sakudziwa kuti watero. Ntchito ya mphunzitsi apa ndi yochepa ndiponso yokoma: kulemba pabolodi, mzere ndi mzere, zimene mwana wanena ndi pakamwa pake, mpaka iye aone yekha kuti zizindikirozo ndi mau ake omwe, ofupikitsidwa.

Chichewa nacho chidatipatsa kale chida chimene sitichigwiritsa ntchito. Tikaiwala dzina la chinthu timati ujeni. Munthu amene sitifuna kumutchula timati uje. Posimba nkhani timati adagula zakutizakuti pa mtengo wakutiwakuti. Mwana wa zaka zisanu amamva bwino lomwe kuti ujeni ndi chinthu chenicheni chimene dzina lake silinatuluke. Ameneyo ndiye x: ujeni wa manambala. Mphunzitsi akalemba kuti "ujeni kuonjeza 7 zikwana 12", ana amaseka, ndipo akuseka chomwecho amayankha kuti ujeniyo ndi 5. Mawa lake akafufuta mau oti ujeni naikapo chilembo, palibe wochita mantha.

Pali njira ina imene ambiri a ife tidaphunzira nayo, yomwe imaoneka ngati yothandiza koma iri ngati nkhuyu yokoma kunja. Pofuna kuti ana asaphatikize 3a ndi 2b, timawauza kuti a ndi mango, b ndi nthochi, ndipo mango ndi nthochi siziphatikizika. Mwana wochenjera amaganiza mumtima kuti kwao zimaphatikizika ndithu m'dengu limodzi, zipatso zisanu, nalemba 5ab. Choipa koposa nchakuti wachoka m'kalasi akukhulupirira kuti chilembo chimaimira chipatso, pamene chimaimira nambala. Tsiku limene adzauzidwe kuti a ndi 4 adzadabwa kuti mango asanduka bwanji 4. Tikafuna kutchula mango, tinene kuti a ndi mtengo wa bango limodzi ndipo b ndi mtengo wa nthochi imodzi. Pamenepo 3a + 2b ndi ndalama zimene wogula alipire, ndipo mwana aona yekha kuti sangazitchule asanamve mitengo yonse iwiri. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa, koma pakhota pamenepa mpamene ana ambiri amagwera.

Tsono tifike pa chizindikiro cha Recorde, chimene ife tikuchiyesa mwini nkhani yonse. Zaka zisanu ndi zitatu za ku pulaimale mwana wakhala akuona timizere tiwiri tija kumapeto kwa samu, kutsogolo kwake kuli malo olembapo yankho. Motero kwa iye chizindikirocho chimatanthauza kuti "yankha tsopano". Mphunzitsi amene akukaika ayese izi sabata yoyamba: alembe pabolodi 8 + 4 = __ + 5, nauza ana kuti adzaze pampatapo. Adzapeza ena alemba 12, ena 17, ndipo olemba 7 sadzakhala onse ai. Wolemba 12 sadalakwe kuphatikiza. Iye sadauzidwepo kuti chizindikirocho chikunena kuti za kumanzere ndi za kumanja nzolemera chimodzimodzi. Mwana wotere mukamupatsa 2x + 3 = x + 9 amangoti kakasi, pakuti kumene amayembekeza yankho kwakhala funso linanso.

Mankhwala ake ndi sikelo yakale ija ya mbale ziwiri, imene ogulitsa nyama ankaikapo miyala yachitsulo mbali imodzi. Ukachotsa kanthu mbale iyi, uchotsenso chomwecho mbale inayo, apo ai sikelo ipendekeka ndipo wogula akuwa. Lamulo lonse la kumasula samu zotere ndi lomweli, palibenso lina. Sipafunika ndalama kuti ana alione ndi maso. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa aphunzitsi kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, njira imene amaitcha TALULAR. Jambulani mzere wa choko pakati pa tebulo. Mbali imodzi ikani mabokosi awiri a machesi otseka ndi zitsekerero za mabotolo zitatu; mbali inayo zitsekerero 11. Auzeni ana kuti m'mabokosimo muli zitsekerero zochuluka mofanana, ndi kuti mbali ziwirizo nzolingana. Iwo eni adzachotsa zitatu uku ndi zitatu uko, nadzagawa zisanu ndi zitatu zotsalazo pawiri. Bokosi likatsegulidwa nkupezeka muli zinai, chimwemwe chimene chimabuka m'kalasi chimaposa cha mapointi ali onse amene mphunzitsi angalembe ndi inki yofiira.

M'malo mwa sikelo, ambiri timaphunzitsa kanyimbo kachidule kakuti nambala ikaoloka isinthe chizindikiro. Inde kamagwira ntchito pa kuphatikiza ndi kuchotsera, ndipo nkofulumira. Koma taonani chimene chimachitika mwana akafika pa 3x = 12. Amaolotsa 3 uja, nakumbukira kuti woolokayo asinthe chizindikiro, nalemba kuti x ndi 12 kuchotsa 3, kapena 12 kugawa ndi −3. Wamvera lamulo mokhulupirika, ndipo lamulolo lamugwetsa m'dzenje. Nambala sizioloka mtsinje uli wonse. Chimene chimachitika nchakuti mbali zonse ziwiri zagawidwa patatu. Njira yachidule njabwino kwa munthu wodziwa kale mseu waukulu. Ibwere m'chigawo chachiwiri cha chaka, kapena ana aitulukire okha akatopa ndi kulemba mizere yambiri, monga amachitira kawirikawiri.

Sikelo iri ndi malire ake: siionetsa nambala zochepera pa ziro. Pamenepa tibwereke nzeru kwa Brahmagupta wa ku India, amene mu 628 adalemba malamulo a nambala zimenezi pozitcha ngongole, zinzake nazitcha chuma. Ngongole mwana wa m'tauni amaidziwa kuposa ife akulu: amatumidwa kuokala kukatenga sopo wolipira pakutha pa mwezi, ndipo amaona mayunitsi obwereka pafoni akudulidwa pamene mai ake angothiramo ena. Ngakhale funso lozunguza lija, lakuti nchifukwa ninji −3 kuchulukitsa ndi −200 zipereka 600, limamveka m'mau a ngongole: mwini okala akakukhululukira ngongole zitatu za K200 iri yonse, chuma chako chakwera ndi K600.

Zonsezi zikutifikitsa pa nkhani ya chiyankhulo, imene ambiri amaiopa. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udakhazikitsa Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo kwa zaka zambiri ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'Chichewa. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro udalola kuti ziyankhulo zina za makolo zigwiritsidwenso ntchito m'makalasi amenewo. Kenaka lamulo la maphunziro la mu 2013 lidati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Ku sekondale Chingerezi ndicho chakhala chikulamula chiyambire pamene Blantyre Secondary School idatsegulidwa mu 1940, ndipo mayeso a MANEB a masamu amalembedwa m'Chingerezi. Ife sitikupempha kuti zimenezi zisinthe. Tikungonena chimene mphunzitsi ali yense amachidziwa: mwana wa Fomu 1 akumenyana ndi adani awiri nthawi imodzi. Buku likati "5 less than x", iye amalemba 5 − x potsata mmene mauwo abwerera, pamene yankho ndi x − 5. Mufunseni m'Chichewa kuti, "Mkulu wako ali ndi zaka zakutizakuti, iwe ndiwe wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu, zako nzingati?" Sadzalakwa. Apa chomwe chamupunthwitsa ndi chiganizo cha Chingerezi, ndipo ife timalemba m'lipoti kuti masamu amamuvuta.

Kunena zoona, aphunzitsi ambiri amafotokoza kale m'Chichewa, koma mobisa, ngati akuba nkhuku, nasinthira ku Chingerezi akamva nsapato za ahedi pakhonde. Chobisika sichikonzedwa bwino. Ife tikuti chichitike poyera ndiponso mwadongosolo: ganizo latsopano lilowe m'Chichewa, ana alikambirane awiriawiri m'chiyankhulo chimene amakangana nacho pampira, kenaka linenedwe m'Chingerezi, lilembedwe m'Chingerezi ndi m'zizindikiro, ndipo ntchito ya kunyumba ikhale ya m'Chingerezi monga mayeso adzakhalire. Ena adzati Blantyre ndi mzinda wa mitundu yonse, muli Ayao, Alomwe, Asena, Atumbuka ndi ena. Nzoona, koma ana a mitundu yonseyi akatuluka panja nthawi yopuma timawamva tokha chimene amayankhula. Enanso adzati Chichewa chiribe mau a masamu. Chingerezi nacho chidalibe: mau oti algebra chidabwereka kwa Aarabu, osachita manyazi. Chichewa Board, imene idakhazikitsidwa mu 1972, idatha, ndipo ntchito yosamala ziyankhulo idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Likulu limeneli pamodzi ndi a ku Domasi angathe kutipatsa kabuku kochepa ka mau ofotokozera masamu a Fomu 1, kuti mphunzitsi wa ku Lunzu ndi wa ku Chigumula asamapeke ali yense ake.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi la nthawi. Silabasi njaitali, kalasi njodzaza mpaka kukhomo, mabuku ngochepa, ndipo mphunzitsi amene watha masabata atatu pa milu ya tomato ndi mabokosi a machesi amaoneka ngati wotsalira pamene anzake ali pamutu wachisanu. Dandauloli sitilipeputsa, tiri m'kalasi momwemo. Koma tiwerengere bwino. Nthawi imene timaikana mu Fomu 1 timakailipira ndi chiongoladzanja mu Fomu 3, pamene mphunzitsi aimitsa phunziro kuti afotokozenso chifukwa chake 2x ndi x² siziri chimodzi, ndiponso mu Fomu 4, pamene makolo a ku Mbayani, amene ndalama ya ufa ikuwavuta, amalipira maphunziro apadera a madzulo kuti mwana aloweze mapepala a mayeso akale. Kuongola mtengo mpoyamba.

Apa tiri ndi mau kwa akulu oyendetsa sukulu. Chizolowezi chofala nchakuti mphunzitsi wodziwa kwambiri masamu amapatsidwa Fomu 4, chifukwa dzina la sukulu limamveka ndi zotsatira za MSCE, ndipo Fomu 1 imagwera amene wangofika kumene, kapena amene adaphunzira phunziro lina koma wapezeka ndi mpata pandandanda. Vutoli lidakula kuyambira pamene maphunziro aulere a ku pulaimale a mu 1994 adachulukitsa ana ofuna malo ku sekondale, ndipo mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa sukulu zoyendera za CDSS, zambiri mwa izo ziri ndi aphunzitsi amene adaphunzitsidwira ku pulaimale. Anthu amenewa adasenza katundu amene sadamupemphe, ndipo ayenera ulemu. Maphunziro a SMASSE, amene Unduna udayamba mu 2004 mothandizidwa ndi a ku Japan, adalinga kuthandiza pomwepa. Komabe palibe maphunziro a patchuthi amene angalowe m'malo mwa chinthu chapafupi ichi: ahedi polemba ndandanda aike mmisiri wao weniweni pa maziko, ngakhale kalasi imodzi yokha ya Fomu 1, ndipo watsopanoyo azikhala kumbuyo kwa kalasi nthawi zina naonerera.

Tisaiwale atsikana. Mau akuti masamu nga anyamata akadamvekabe m'makomo mwathu, ndipo kawirikawiri amatuluka pakamwa pa mai yemweyo amene amagulitsa mandasi pa siteji ya minibasi, nawerengera pamtima ufa, mafuta, shuga ndi phindu popanda kuphonya tambala. Mwana wake wamkazi, amene amamuthandiza kubweza chenji Loweruka, ndiye woyamba kuyankha funso la milu itatu lija, ngati mphunzitsi amuloza.

Kwa makolo pempho lathu ndi laling'ono, ndipo silifuna kuti mukhale mutafika Fomu 4. Madzulo ano mwana wanu wa Fomu 1 akatsegula kope, lozani chilembo chimodzi mumufunse kuti chikuimira chiyani. Akati mango kapena nthochi, mufunseni kuti zingati. Kenaka mulembereni papepala 8 + 4 = __ + 5. Akalemba 12, musamukalipire. Pitani mukaonane ndi mphunzitsi wake chigawo choyamba cha chaka chisanathe.